ZA PA ULENDO: Cape Town, Doko ndi Mapiri Ace

Sabata ino ndifuna tikambe za mzinda wa Cape Town, umene uli pa doko ku mapeto a dziko la South Africa, ndi za malo okwera amene munthu amaimapo pofuna kuuona wonse. Ndinapitako pa chuthi canga, ndipo ndinakhalako masiku asanu ndi limodzi.

Cimene candicititsa kulemba ndi ici. Alipo amuna ambiri pakati pathu amene agwira nchito m'dziko lino zaka zisanu, ena khumi, koma ukawafunsa kuti dzikoli ndi lotani, iwo adziwa zinthu zitatu zokha: cipata ca komponi, cikepe cotsikira pansi, ndi pokwerera basi ku Johannesburg. Pansi pa dziko apadziwa koposa eni ace, koma pamwamba pace sanapaone. Akabwerera kwao ana amafunsa kuti, "Atate, kodi nyanja ya mcere munaiona?" ndipo atate amangoti, "Ndinamva kuti iriko." Ine ndiyesa kuti munthu amene wathira thukuta m'dziko ayenera kuliona ndi maso ace, ngakhale kamodzi kokha, asanamange katundu.

NJIRA NDI NYENGO

Kucokera ku Johannesburg kufika ku Cape Town ndi makilomita ngati 1,400. Basi imene ndinakwera inanyamuka madzulo, inayenda usiku wonse, ndipo tinafika m'mawa mwace dzuwa litapendeka. Kutaca tinapezeka tiri m'dziko louma lochedwa Karoo, lopanda mitengo, la tizitsamba tokha-tokha ndi nkhosa, kumene munthu amayenda nthawi yaitali osaona mudzi. Pambuyo pace mseu umatsikira m'cigwa ca Hex River codzaza ndi minda ya mphesa, ndipo pafupi ndi Paarl umalowa m'phanga la pafupi-fupi makilomita 4 loboola phiri. Titatuluka m'phangamo sitinayende kwambiri, ndipo patsogolo pathu panaoneka phiri lalikuru lathyathyathya pamwamba, ngati kuti munthu analisenga ndi mpeni. Limeneli ndilo Table Mountain, ndipo mzinda wagona m'tsinde mwace, pakati pa phiri ndi nyanja.

Nyengo ya kumeneko ndi yosiyana ndi yathu. Mvula imagwa nthawi yacisanu, makamaka kuyambira May kufikira August, ndipo miyezi imene kwathu kuli dzinja, kumeneko kuli dzuwa. Pa miyezi ya dzuwayo kumaomba mphepo yamphamvu yocokera kumwera cakum'mawa, mbale wace wa mwera wa pa nyanja yathu. Eni mzinda amaicha Cape Doctor, cifukwa amati imasesa utsi ndi matenda. Ikaomba, mtambo woyera umayalika pamwamba pa phiri ndi kulendewera m'mbali ngati nsaru ya pa tebulo. Nyanja nayo si yofanana ndi ya kwathu. Madzi ace ndi a mcere, ozizira kwambiri ngakhale pa dzuwa lowawa, ndipo amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Ndinalawa pang'ono ndi cala kuti ndikhale mboni.

MZINDA UNAYAMBA NDI DIMBA

Eni dziko akale anali anthu a mtundu wa Khoikhoi, oweta ng'ombe ndi nkhosa, ndipo phirilo anali kulicha Hoerikwaggo, ndiko kunena kuti phiri la m'nyanja. Apwitikizi ndiwo Azungu oyamba kudutsa kumeneko: Bartolomeu Dias mu 1488, ndi António de Saldanha amene anakwera phiri mu 1503 nalipatsa dzina la tebulo. Koma iwowa sanakhazikike. Pa 6 April 1652 panafika Jan van Riebeeck ndi sitima zitatu, wotumidwa ndi kampani ya malonda ya ku Holland. Sanamtume kudzamanga mzinda ai. Amalinyero oyenda kucokera ku Ulaya kunka ku maiko a kum'mawa anali kukhala miyezi yambiri pa madzi, akudya nyama ya mcere ndi mikate youma, ndipo ambiri anali kufa ndi nthenda yotupitsa nkhama cifukwa cosowa masamba ndi zipatso. Nchito ya Van Riebeeck inali kulima dimba, kutunga madzi, ndi kugula ng'ombe kwa eni dziko. Dimbalo likalipo pakati pa mzinda, amalicha Company's Garden, koma lero muli maluwa, mitengo ya mthunzi, ndi agologolo osaopa anthu.

Dimba silidzilima lokha. A Khoikhoi anakana kusiya ng'ombe zao kuti agwire khasu la mlendo. Msipu wao utayamba kulandidwa inabuka nkhondo mu 1659, ndipo nthomba ya 1713 inapha ambiri a iwo. Kampani inayamba kubweretsa akapolo mu 1658, ndipo pofika 1808 anali atabwera ngati 63,000, ocokera ku Madagascar, ku India, ku zisumbu za Indonesia ndi ku Mozambique. Ukapolo unathetsedwa pa 1 December 1834, koma anthuwo anaumirizidwa kugwirabe nchito kwa ambuye ao kufikira 1838.

Linga lochedwa Castle of Good Hope, la ngondya zisanu ngati nyenyezi, linamangidwa kuyambira 1666 kufikira 1679 ndi manja a asilikari, amalinyero ndi akapolo. Mfumu Cetshwayo ya Azulu inasungidwa m'menemo itagonjetsedwa ndi Angelezi mu 1879. Polimanga, mafunde anali kufika pa khoma lace. Lero nyanja iri kutali, cifukwa anthu anaikwirira ndi mcenga namangapo nyumba zazitali.

Kumtunda kwa Adderley Street kuli nyumba yochedwa Slave Lodge, m'mene kampani inali kutsekera akapolo ace usiku, ndipo kuseri kwace, pa Church Square, aikapo miyala yakuda yolembedwa maina a akapolo. Ine nchito yanga ndi ya ukalaliki, tsiku lonse ndimalemba maina a anthu m'buku, tsono pamenepa ndinaima nthawi yaitali. Kalaliki wa masiku amenewo sanali kufunsa munthu kuti, "Dzina lako ndani, mfunda wako ndi uti?" Anali kungompatsa dzina la mwezi, kapena dzina lina la m'Baibulo, naonjezapo dziko limene anamkwezera m'sitima. Ndico cifukwa cace kufikira lero ku Cape Town mumakomana ndi a September, a February ndi a April; amenewo ndi maina a mabanja ao. Ocokera ku Mozambique onse anangochedwa Masbiekers, osasankha kuti uyu ndi wa mtundu wanji.

PA DOKO

Ngakhale sitima zinaima pamenepo zaka 200, doko leni-leni panalibe. Zinali kuima pa mtetete, ndipo mphepo ya nthawi yacisanu inali kuziponya pa mtunda. Mu June 1858 namondwe anaswa sitima zoposa 30, kotero kuti a inshuwalansi a Lloyd's ku London anakana kulandira sitima zogonera pamenepo m'cisanu. Apo ndipo boma linaganiza zomanga khoma lalitali la miyala lochinga mafunde. Pa 17 September 1860 Prince Alfred, mwana wa Mfumukazi Victoria, mnyamata wa zaka 16, anakhuthula ngolo yoyamba ya miyala m'madzi. Dzina lace liri pa doko kufikira lero. Ngolo zambiri-mbiri zotsatira zinakankhidwa ndi akaidi, amene anamangiridwa ndende pomwepo, Breakwater Prison, kuti akhale pafupi ndi nchito. Nyumba ya ndendeyo tsopano ndi hotela ndi sukulu ya za malonda, koma cigudumu copondaponda ndi mapazi, cimene anali kulangira akaidi, cikalipo pambali pace.

Doko limeneli ndi migodi yathu ndi za pacibale. Alfred Basin inatsegulidwa mu 1870, nthawi imene anthu anali kuthamangira diamondi ku Kimberley. Golide atapezeka ku Witwatersrand mu 1886 malo anacepa, ndipo anaonjezera Victoria Basin. Njanji yocokera ku Cape Town inafika ku Kimberley mu 1885 ndi ku Johannesburg mu 1892, yonyamula makina, zitsulo ndi anthu. Doko lalikuru la Duncan Dock linatha mu 1945. Lero mbali yakale ya doko, imene amaicha V&A Waterfront, yasanduka malo a masitolo ndi nyumba zodyera, ndipo mitengo ya zinthu kumeneko si ya thumba la munthu wa pa mgodi. Koma kupenya n'kwaulere. Mungathe kukhala pa benchi pafupi ndi nsanja yofiira ya Clock Tower, yomangidwa mu 1882, ndi kumaona sitima za asodzi, timasitima tamphamvu tokoka zazikuru, ndi nyama zonga akatumbu akuru-akuru zitagona pa matabwa kuothera dzuwa.

Pa doko lomweli ndi pamene panadziwikira mwana wa kwathu. Clements Kadalie anabadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe, naphunzira ku Livingstonia. Anagwirako ukalaliki pa migodi ya dziko limene lero ndi Zimbabwe, nafika ku Cape Town mu 1918. Mu January 1919 iye ndi anzace owerengeka, ambiri a iwo onyamula katundu pa doko, anayambitsa bungwe la anchito lochedwa ICU. Mu December caka comweco anthu a pa doko ananyanyala nchito masabata awiri, podandaula za malipiro ocepa ndi za cakudya cimene cinali kutumizidwa kunja pamene mitengo inali kukwera m'dziko, ndipo caka cotsatira malipiro anakwezedwa. Pofika 1927 bungwelo linati liri ndi anthu 100,000. Pambuyo pace linagawanika cifukwa ca mikangano ya atsogoleri ndi kusasunga bwino ndalama, ndipo Kadalie anamwalira ku East London mu 1951. Akuru anati mutu umodzi susenza denga; koma denga losenzedwa ndi anthu okangana nalonso silifika pa nyumba.

SIGNAL HILL

Malo oyamba okwera, amene ngakhale munthu wa miyendo yofoka angathe kufikako, ndi Signal Hill, kaphiri ka mamita 350. Kale pamwamba pace panali kukhala mlonda wokweza mbendera, kudziwitsa a mumzinda kuti kuli kudza sitima. Ndinakwera podzera ku Bo-Kaap, mudzi wa Asilamu wa nyumba zopakidwa utoto wobiriwira, wacikasu ndi wofiira, kumene kuli mzikiti wa Auwal wa mu 1794, woyamba m'dziko lonse lino. Ambiri a kumeneko ndi zidzukulu za akapolo aja.

Kumtunda kwa mudziwo kuli mizinga iwiri yakale, ndipo umodzi umaombedwa 12 koloko masana tsiku liri lonse, kupatula Lamulungu ndi masiku a chuthi ca boma. Winawo amauthira onga kuti udikire ngati woyamba wakana. Mwambowu unayamba mu 1806, ndipo mizinga inasamutsidwira pa phiripo mu 1902. Unayambira amalinyero: pa nyanja munthu amadziwa pamene ali poyerekeza dzuwa ndi wochi, tsono wochi ikalakwa pang'ono sitima imasocera. Akaona utsi wa mzinga anali kukonza mawochi ao. Msilikari wa pamadzi anationetsa m'mene amathirira onga, natiuza kuti titseke makutu. Utalira, nkhunda zonse za mumzinda zinauluka nthawi imodzi, koma eni mzinda pansipo anangopitiriza ulendo wao.

Mukaima pamwamba peni-peni mzinda wonse uli pa mapazi anu. Mbali ina muona bwalo la mpira la Green Point, lomangidwira masewera a World Cup a 2010, ndi sitima zoyembekeza kulowa pa doko. Mukapenya m'tsinde mwa phiri la Devil's Peak muona codabwitsa: pakati pa mzinda wothithikana pali malo akuru a udzu, ndipo machalichi ndi mizikiti yaima payokha. Pamenepo panali District Six, mudzi wa anthu a mitundu yonse, ambiri ogwira nchito pa doko. Pa 11 February 1966 boma la tsankho linalamula kuti malowo ndi a Azungu okha. Anthu oposa 60,000 anasamutsidwira ku mcenga wa Cape Flats, ndipo nyumba zao zinagumulidwa. Ena owerengeka abwereranso, ambiri akali kuyembekeza. M'chalichi cakale ca Methodist mu Buitenkant Street asungamo zokumbutsa mudziwo. Pansi anajambulapo mapu a miseu yace, ndipo eni ace akale anabwera nalemba maina ao ndi manja ao pamene panali nyumba zao.

Cakumpoto, pakati pa madzi, pali cisumbu cathyathyathya, Robben Island. Pocipenya muli pa phiri cioneka pafupi, ngati munthu wa ku Likoma angathe kupalasa bwato n'kufika, koma madzi ozizira ndi mafunde anapha ambiri oyesa kuthawa, mmodzi wa iwo Makhanda, mtsogoleri wa Axhosa. Panakhala akhate kufikira 1931. Nelson Mandela anakhalapo kuyambira 1964 kufikira 1982, ndipo nambala yace inali 466/64, ndiko kuti mkaidi wa 466 wa caka ca 1964. Tsiku lina ndinaolokerako pa sitima yonyamukira pa Clock Tower, ulendo wosakwana ora limodzi. Ndinaona kacipinda kace, kamene munthu wamtali akagona mutu ndi mapazi zimayandikira makoma onse awiri, ndi dzenje la miyala ya njereza m'mene akaidi anali kukumba pa dzuwa long'anima ndi pfumbi loyera. Inu amene mudziwa pfumbi simufunika kufotokozeredwa. Mandela anamasulidwa pa 11 February 1990, zaka 24 zeni-zeni kucokera tsiku lija la District Six, nalankhula kwa khamu la anthu ali pa khonde la City Hall.

PAMWAMBA PA TEBULO

Pokwera Table Mountain pali njira ziwiri, ya ndalama ndi ya miyendo. Ya ndalama ndi cikepe colendewera pa zingwe zacitsulo, cimene cinayamba kuyenda mu 1929. Zikepe za tsopano, zoikidwa mu 1997, zimanyamula anthu 65, ndipo poponda pace pamazungulira pang'ono-pang'ono kuti ali yense aone mbali zonse. Pa mphindi zisanu mwafika. Ya miyendo ndi mpata wa Platteklip Gorge, makwerero a miyala okha-okha, ndipo ine ndinatha maora awiri ndi theka. M'munsi mwa mpatawo muli kamtsinje kumene akazi acikapolo anali kucapira zobvala za ambuye ao, atazisenza pamutu kucokera mumzinda. Ndinakwera ndi miyendo ndi kutsika pa cikepe, ndipo m'cikepemo ndinakumbukira anzanga amene akwera cikepe zaka zambiri, koma nthawi zonse copanda zenera.

Pamwamba ndi posalala mtunda wa makilomita ngati 3, pa miyala ndi tizitsamba ta maluwa, tina timene sitimera kwina kuli konse pa dziko lapansi. Mbira zimakhala pa miyala osathawa anthu. Kukadakhala kwathu anyamata akadazitha kale ndi agaru. Malo okwera koposa ndi mulu wa miyala wochedwa Maclear's Beacon, mamita 1,086 pamwamba pa nyanja. A ku Mulanje adzaseka, pakuti Sapitwa ndi mamita 3,002, koma phiri ili limanyamukira pafupi ndi madzi peni-peni, ndipo ukasuzumira pansi miyendo imanjenjemera.

Dzina la Maclear ife a ku Malawi tiridziwa. Thomas Maclear anali katswiri wa nyenyezi ku Cape Town, ndipo ndiye anaunjikitsa miyalayo poyeza dziko. Mu 1852 anaphunzitsa David Livingstone kupeza malo poyang'ana nyenyezi, ndipo Livingstone atafika pa nyanja yathu anacha Cape Maclear dzina la bwenzi lacelo. Pamenepo ndi pamene mishoni ya Livingstonia inayambira mu 1875. Mudzi wa pamalopo eni ace amaucha Chembe.

Muli pa mulu wa Maclear mupenyenso kum'mawa. Kumeneko kuli cigwa ca mcenga ca Cape Flats, kumene kuli Langa, Gugulethu, Mitchells Plain ndi Khayelitsha, ndipo madenga a malata amang'anima kufikira pamene maso alekeza. Kumeneko ndiko kumagona anthu ambiri amene amaphika, kusesa ndi kunyamula katundu mumzinda wokongolawu, pamodzi ndi akwathu ogwira nchito m'minda ya maluwa ndi m'mahotela. Mnzanga amene anandisunga amanyamuka kusanace kuti akafike pa nchito nthawi yabwino. Mlendo wongojambula zithunzi amaona ku khomo kokha kwa nyumba. Inu muzipenyanso kuseri.

LION'S HEAD NDI SITIMA YOMIRA

Tsiku lotsiriza ndinakwera Lion's Head, phiri losongoka la mamita 669 limene liri pakati pa Signal Hill ndi Table Mountain. Njira yace imazungulira phiri, kotero kuti mumaona mzinda, kenaka nyanja, kenaka mzinda womwewo. Pafupi ndi nsonga pali makwerero acitsulo ndi maunyolo ogwirira. Pansi pace cakumadzulo pali Clifton, gombe la mcenga woyera ndi nyumba za anthu olemera kwambiri.

Pa miyala ya pafupi ndi gombe limenelo, usiku wa pa 27 December 1794, panasweka sitima ya Apwitikizi yochedwa São José. Inanyamuka pa Mozambique Island kuciyambi kwa mwezi womwewo kunka ku Brazil, itanyamula akapolo ngati 500. Mkuru wa sitima ndi amalinyero anapulumuka. Akapolo oposa 200 anamira mtunda akuuona, ndipo otsalawo anagulitsidwa ku Cape komweko. Mu 2015 akatswiri osambira pansi pa madzi analengeza kuti apeza zotsala za sitimayo, pamodzi ndi mipiringidzo yacitsulo imene inaikidwa pansi pace kuti ilemere, popeza anthu salemera ngati katundu wina. Caka comweco anatenga dothi la ku Mozambique nalithira m'madzi pamalopo.

Dzina la sitima liri m'mabuku, dzina la mkuru wace lirimo, ngakhale ciwerengero ca zitsulo cirimo. Anthu aja analembedwa ciwerengero cokha. Njira za malonda zofika ku Mozambique Island zinali kucokera kutali m'kati mwa dziko, zina kufupi ndi nyanja yathu, ndipo m'midzi ina munali amai amene anayembekeza kufikira imfa osamva kanthu.

Nditatsika phiri ndinapitanso ku Company's Garden. Kumeneko mu January 2025 anatsegula cikumbutso ca amuna akuda oposa 1,700 amene anafa pa nchito yonyamula katundu ndi kuyendetsa ngolo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, monga atengatenga a kwathu. Ali yense ali ndi mtengo wace wozikidwa pansi, wolembedwa dzina lace ndi tsiku limene anafa. Panapita zaka zoposa 100 kuti maina amenewo aoneke poyera, koma anapezeka cifukwa panali makalaliki amene anawalemba m'buku.

Apa ndiri ndi pempho kwa inu amene mumabwera pa zenera la ofesi. Lembetsani dzina lanu leni-leni monga liri pa pasipoti, osati la mbale wanu kapena la masewera limene anakupatsani kapitao. Chulani mudzi, mfumu ndi boma, ndi munthu woti auzidwe pakagwa kanthu. Mukakwatira, kapena wolembedwayo akamwalira, bwerani tisinthe. Mapepala a nchito musataye ngakhale mutabwerera kumudzi. Mu 2019 bwalo lalikuru la milandu linabvomereza pangano lakuti makampani a golide alipire amene anadwala cifuwa ca pfumbi ndi TB, ndipo nkhalamba zambiri za ku Malawi, Mozambique ndi Lesotho zabvutika kutsimikiza kuti zinagwiradi nchito, cifukwa ca mapepala otayika ndi maina osagwirizana.

KWA OFUNA KUPITA

Yambani kusunga pang'ono-pang'ono miyezi ingapo, mutatumiza kale za kumudzi, pakuti ulendo wa ngongole sukoma. Amene amati ndalama palibe awerengere zimene amasiya ku mowa Loweruka liri lonse. Pitani awiri kapena atatu, ndipo pa phiri musayende nokha, cifukwa akuba amabisalira oyenda okha, ndiponso mtambo ukatsika njira imasowa. Nyamukani m'mamawa, mutenge madzi, cipewa ndi juzi ngakhale pansi kuli kutentha. Mphepo ikakula cikepe siciyenda, sitima ya ku Robben Island nayonso imaima, tsono zimenezi musazisiyire tsiku lotsiriza, ndipo tikiti ya ku cisumbu muguliretu. Signal Hill, Lion's Head, njira ya Platteklip ndi Company's Garden salipiritsa. Mapepala anu akhale m'thumba nthawi zonse. Njira muzifunsa kwa eni mzinda. Safunsa anadya phula.

Amene anafikako ku Durban, ku Maputo kapena ku Beira atilembere kudzera kwa a Mkonzi, atiuze zimene anaona pa madoko amenewo. Sabata ya mawa ndidzayankha makalata ofunsa za katumizidwe ka ndalama kumudzi.

Tsalani bwino. Ndine wanu,

KALALIKI WA PA ZENERA.